Beseni Lobooka Ligwira Intaneti

Kamfunso anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Dzinali anamupatsa ndi Adadi ake. Mwanayu ankafunsa m'mawa. Ankafunsa masana. Ankafunsa ngakhale chakudya chili m'kamwa.

Koma tsiku lina Kamfunso anangoti zii. Anali ndi vuto. Vutolo linali la mng'ono wake, Kabatani.

Kabatani anali ndi zaka ziwiri. Mphuno yake inali yaing'ono ngati batani la malaya. Mawu ankadziwa atatu okha. Ankadziwa "madzi". Ankadziwa "ayi". Ankadziwanso "Mama".

Amayi awo anali kutali. Anapita kukaphunzira za unamwino. Panapita mwezi umodzi. Panapita miyezi iwiri. Tsopano inali itakwana miyezi isanu.

Khomo loyandikana nalo linali la Anti Mawaya. Ntchito yawo inali yokonza mafoni ndi mawailesi. Patebulo pawo panali mawaya. M'matumba mwawo munali mawaya. Tsiku lina kawaya kanapezeka m'tsitsi mwawo.

M'mawa wa tsikulo Anti Mawaya anabwera kudzabwereka tsache. Kabatani anawathamangira. Anawagwira mwendo.

"Mama!" anatero Kabatani.



"Si Amayi amenewa!" anatero Kamfunso. "Awa ndi Anti!"

"Mama," anatero Kabatani, mwendo uja osausiya.

Kamfunso anathamangira kuchipinda. Anabweretsa chithunzi cha Amayi.

"Taona, Kabatani. Amayi ndi awa."

Kabatani anachilandira chithunzicho. Anachitembenuza. Anachinunkhiza. Kenako anachilowetsa m'kamwa.

Amayi ankaimba foni Lamulungu lililonse, 3 koloko masana. Nthawi yopuma anali nayo yokhayo. Masiku ena onse ankakhala m'kalasi kapena m'wodi, foni ili m'kabati.

Koma foni ya Adadi inali ya mabatani. Inkatulutsa mawu okha. Nkhope sinkaoneka. Kabatani akaigwira, ankangodina mabatani. Ankadina, kudina, kudina, mpaka foni kuduka.

Adadi ntchito yawo inali yochapa ndi kusita zovala za anthu. Kuseri kwa nyumba kunali zingwe zitatu zoyanikapo. Manja a Adadi ankanunkhira sopo tsiku lonse.

Kamfunso anawapeza akusita malaya.

"Adadi, kodi mwana angaiwale mayi ake?"

Adadi anaimika simbi. Anakanda kumutu.

"Aa, iwenso ndi mafunso ako," anatero. "Sangaiwale."

Koma anayankha akuyang'ana pansi. Kamfunso anaziona zimenezo, ndipo anachita mantha.

Pabalaza panali kompyuta yakale ya Amayi. Inali yaikulu. Inali yolemera. Pamwamba pake panali kakamera kakang'ono. Amayi ankakonda kunena pafoni kuti, "Ikanakhala ndi intaneti, bwenzi tikuonana."

Nanga intanetiyo akanaipeza kuti?

Ukaima pakhonde la kuseri, unkaona zingwe za Adadi. Kupitirira zingwe, unkaona njanji. Kutsidya kwa njanji kunali laibulale ya denga lobiriwira. Kumeneko kunali intaneti yaulere.

Koma kompyuta ija sinkanyamulika. Komanso Lamulungu laibulale inkakhala yotseka.

Kamfunso anawakwiyira Anti Mawaya. Anakwiya Lolemba. Anakwiya Lachiwiri. Moni ankayankha ndi mphuno. Lachitatu Anti anamuitana.

"Iwe Kamfunso, tabwera kuno. Wandikwiyira, eti?"

Kamfunso anayang'ana zala zake zakuphazi.

"Mwatilanda Kabatani," anatero.

Anti sanaseke. Anaika pansi foni imene ankakonza.

"Mwana wanga, ine sindikufuna mpando wa mayi ako," anatero. "Kabatani akungosowa nkhope yoti aziitchula Mama. Tiye timuonetse nkhope yeniyeniyo."

"Timuonetsa bwanji? Ndi chani? Liti?"

"Eya, wachira tsopano!" anatero Anti. "Mafunso abwerera."

Anti anatsegula dirowa. Anafufuza pansi pa mawaya. Anatulutsa kanthu kakuda, kotalika ngati chala.

"Aka ine ndimakatcha kakhutu," anatero. "Kamamva intaneti ikamadutsa m'mwamba."

Anapita nako ku kompyuta ya Amayi. Anakalumikiza ndi nthambo yaitali. Kenako analoza pakona pa galasi la kompyuta.

"Uziyang'ana apa. Pamabwera timizere. Kamzere kamodzi ndiye kuti intaneti ikunong'ona. Timizere tinayi ndiye kuti ikulankhula bwinobwino."

Anti anatulutsa kakhutu pazenera. Kamfunso anayang'ana pakona paja. Anayang'anitsitsa. Panalibe ngakhale kamzere kamodzi.

"Kafa?" anafunsa.

"Sikanafe. Laibulale yatalika. Kakhutu kachepa."

Anti anapita kukaima kumapeto kwa khonde. Ananong'ona mawu ena ake.

"Wamva?"

"Ayi."

"Pinda dzanja lako. Uliike kuseri kwa khutu."

Kamfunso anapinda dzanja. Analiika kuseri kwa khutu. Anti ananong'onanso.

"Ndamva!" anakuwa Kamfunso. "Mwati ndili ndi ufa pamphuno!"

"Waona? Dzanja latolera mawu. Lawaponya m'khutu. Kakhutu akanso kakufuna dzanja. Koma dzanja lake likhale lalikulu, lachitsulo. Tikatero tapanga eriyo."

Kamfunso anafuna kuyamba pompo. Anti anamugwira phewa.

"Dekha. Intanetiyo ili ndi eni ake. Choyamba tikaodire."

Lachinayi masana anapita ku laibulale. Anazungulira mpaka pa mlatho. Anawoloka njanji. Anapeza bambo woyang'anira mabuku. Bamboyu ankalankhula monong'ona, ngakhale ali panja.

Kamfunso anafotokoza zonse. Anafotokoza za Amayi. Anafotokoza za Kabatani. Anafotokozanso za chithunzi cholumidwa.

Bambo uja anamwetulira. Analemba manambala pa kapepala.

"Intanetiyi ndi ya anthu onse a dera lino," ananong'ona. "Sitiizimitsa, ngakhale Lamulungu. Mukaifikira, ndi yanu. Kiyi wake ndi manambala awa."

"Zikomo kwambiri," ananong'ona Kamfunso. Kapepalako anakasunga mu sokosi.

Loweruka m'mawa anayamba kufuna dzanja lachitsulo.

Kamfunso anabweretsa sosala.

"Yachepa," anatero Anti.

Kamfunso anabweretsa bafa la Kabatani.

"Ndi la pulasitiki. Intaneti ingodutsa."

Kamfunso anabweretsa poto wamkulu.

"Nanga madzulo mudya chani?"

Kenako Kamfunso anasuzumira pansi pa tebulo lositira. Anaona beseni lakale lachitsulo. Linali lalikulu. Linali lozungulira ngati mbale. Pakati pake panali pobooka.

"Limenelo!" anatero Anti.

Adadi analigwira beseni lija ndi manja awiri.

"Aneba, ili ndi beseni langa loyamba," anatero. "Linachapa matewera a Kamfunso yemweyu."

"Adadi!" anatero Kamfunso, manyazi atamugwira.

"Lakhala likupuma mokwanira," anatero Anti. "Lero lapeza ntchito ina."

Adadi anausa moyo. Analisisita pang'ono. Kenako analipereka.

Kamfunso analikwecha ndi mchenga. Analikwecha ndi sopo. Anakwecha, kukwecha, kukwecha. Kabatani naye anathandiza pothira madzi pa nsapato za Anti. Pomaliza beseni linali waliwali.

Anti analowetsa kandodo pobooka paja. Anakamanga ndi waya kumbuyo. Kandodo kanaima njii pakati pa beseni.

"Kakhutu timanga pa kandodoka?" anafunsa Kamfunso.

"Eya."

"Pamwamba kapena pansi?"

"Funso labwino. Kufunsa ndi kudziwa njira. Tiye tifunse dzuwa."

Anti anayang'anitsa beseni ku dzuwa. Anamupatsa Kamfunso pepala loyera.

"Dzuwalo usaliyang'ane. Uziyang'ana pepala. Uziliyendetsa pang'onopang'ono pambali pa kandodo."

Kamfunso anaika pepala pansi penipeni. Kuwala kunali kobalalika. Analikweza pang'ono. Kuwala kunachepa. Analikwezanso. Kuwala kunasanduka kadontho kamodzi kowala kwambiri.

"Pamenepo!" anatero Anti. "Beseni limatolera zonse n'kuziponya pamenepo. Kuwala limaponya pamenepo. Intanetinso liziponya pamenepo."

Kamfunso anagwirabe pepala lija. Kadontho kanayamba kufiira. Kenako kautsi kanatuluka.

"Mayo ine!" anakuwa Adadi. "Litiwotchera nyumba beseni limeneli!"

Adadi anathamangira ku mpopi.

"Musaope, aneba!" anatero Anti. "Limatentha likayang'ana dzuwa basi. Ife tiliyang'anitsa ku laibulale."

Koma Adadi sanamve. Mpopi unali ukusokosa. Anabwera ndi ndowa yodzaza, n'kupeza moto kulibe. Madziwo anangothirira maluwa.

Kamfunso analemba chizindikiro pa kandodo. Anti anamanga kakhutu pa chizindikirocho. Anakazunguliza tepi. Kenako anadula botolo la pulasitiki n'kukaveka.

"Botolo ndi la chani?"

"Ndi jekete lake la mvula."

Adadi anakwera pa mpando. Anamangirira beseni pa nsanamira ya khonde. Nthambo inalowa pazenera mpaka ku kompyuta. Anti analemba manambala a mu sokosi aja.

"Tsopano mvera," anatero Anti. "Beseni lione laibulale. Likaiona, liimva."

Kamfunso anakhala pa kompyuta. Adadi anayamba kutembenuza beseni.

"Pali chani?" anafunsa Adadi.

"Palibe!"

Adadi anatembenuza pang'ono.

"Kamodzi! Kamzere kamodzi!"

Anatembenuzanso pang'ono.

"Tiwiri! Titatu! Aa, tathawa! Bwererani, Adadi!"

Adadi anabwerera pang'ono zedi.

"Tinayi! Tinayi! Musagwedezenso!"

"Ndipume kapena ndisapume?" anafunsa Adadi.

"Ayi!" anatero Kabatani.

Onse anaseka. Anti anamangitsa waya. Beseni linakhala pamenepo, maso ali ku denga lobiriwira. Kamfunso anavina kuzungulira tebulo. Adadi anawatumizira Amayi uthenga pa foni kuti mawa adzaonana pa kompyuta.

Lamulungu linafika. Anti Mawaya kunalibe. Lamulungu lililonse ankapita kukaona mayi awo, n'kubwera madzulo.

Kamfunso anamusambitsa Kabatani. Anamudzoza mafuta. Anamuveka diresi lachikasu. Anamupesa tsitsi, Kabatani akukuwa kuti, "Ayi! Ayi!"

Adadi anamaliza kuyanika. Anasamba m'manja. Anavala malaya ositasita. Onse atatu anakhala pa kompyuta.

Kamfunso anayang'ana pakona paja.

Panalibe kamzere.

Anadikira. Panalibe. Anagwedeza nthambo. Panalibe. Anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Panalibe.

3 koloko inakwana. Foni ya mabatani inalira.

"Ndakhala ndikudikira," anatero Amayi. "Zavuta?"

"Timizere tathawa," anatero Kamfunso. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Usalire, mwana wanga. Tiyesanso sabata yamawa."

Amayi ankalankhula ngati ali ndi chimfine. Koma Kamfunso anadziwa kuti si chimfine.

Madzulo Adadi anaanula zovala zonse. Kenako Anti Mawaya anafika. Kabatani anawathamangira.

"Mama!"

Kamfunso anatseka makutu. Zinamupweteka kuposa poyamba.

Anti anapita pa kompyuta. Anayang'ana pakona. Timizere tinayi tinali ndandanda.

"Si iti?" anatero Anti.

"Masana kunalibe! Zoona, Anti!"

"Ndakukhulupirira."

Anti anayang'ana nthambo. Inali bwino. Anayang'ana kakhutu. Kanali bwino. Anayang'ana beseni. Linali bwino.

"Nanga chavuta n'chani?" anadzifunsa okha.

Lolemba timizere tinali tinayi. Lachiwiri tinali tinayi. Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, tinayi tokhatokha. Loweruka Kamfunso anaonera mbalame za m'nyanja pa kompyuta. Sizinadukeduke n'komwe.

"Mwina intaneti nayo imapuma Lamulungu," anatero Adadi.

"Bambo a ku laibulale anati saizimitsa."

"Ndiye kaya. Koma mawa usade nkhawa. Ine ndiisamala kwambiri eriyo yathuyi. Kuposa sabata yatha."

Lamulungu linafikanso. M'mawa timizere tinali tinayi. Kamfunso anamusambitsa Kabatani. Anamudzoza mafuta. Anamuvekanso diresi lachikasu. Atabwerera pa kompyuta, timizere tonse tinali titapita.

Kamfunso anafooka. Anakhala pa mpando, manja lende. Wotchi ya pakhoma inkayenda. Kunatsala mphindi khumi kuti 3 koloko ikwane.

Kunja kunayamba mphepo.

Mphepo inawomba, kuwiii! Pakona pa galasi panatulukira timizere. Kamodzi, tiwiri, titatu!

Mphepo inaleka. Timizere tinathawa.

Kamfunso anakhala tsonga.

Mphepo inawombanso. Timizere tinabwera. Mphepo inaleka. Timizere tinathawa.

"Kodi intaneti imabwera ndi mphepo?" anadzifunsa. "Ayi. Dzulo kunalibe mphepo."

Anasuzumira pazenera. Pa chingwe chapamwamba panali bulangete. Linali lalikulu. Linali lokhuthala. Madzi ankadontha, tho, tho, tho.

Mabulangete Kamfunso ankawaona nthawi zonse. Sankawalabadira. Koma lero analiyang'ana bwino.

Mphepo inawomba. Bulangete linanyamuka. Timizere tinabwera.

Mphepo inaleka. Bulangete linatsika. Timizere tinathawa.

Kamfunso anathamangira pakhonde. Anakwera pa mpando. Anaika mutu pambali pa beseni. Anayang'ana kumene beseni linkayang'ana.

Sanaone njanji. Sanaone denga lobiriwira. Anaona bulangete lokhalokha.

"Adadi! Adadi! Beseni silikuona laibulale!"

Adadi anatuluka akumanga mabatani a malaya.

"Chachitika n'chani?"

"Bulangete ili! Mwaliyanikiranji pamenepa?"

Adadi anatukumula chifuwa.

"Ndachita dala," anatero monyadira. "Suja unaona pepala likupsa? Lamulungu ndi tsiku lalikulu. Ndinati kakhutu kasatenthedwe. Sabata yatha ndinaika bulangete limodzi, koma sizinathandize. Lero ndaphatikiza awiri. Onyowa bwinobwino, kuti kazimva kuzizira."

Kamfunso anagwira pakamwa.

"Adadi, Anti anati limatentha likayang'ana dzuwa basi! Apa likuyang'ana laibulale!"

"Anatero liti?"

"Muli ku mpopi!"

Adadi anayang'ana bulangete. Anayang'ana beseni. Anayang'ananso bulangete.

"Ndiye kuti wotseka njira ndine?" anafunsa ndi kamawu kakang'ono.

"Ndinu, Adadi."

"Ha! Ine kuyesa ndikuthandiza!"

Wotchi inali itatsala mphindi ziwiri. Adadi anagwira mbali imodzi. Kamfunso anagwira mbali ina. Mabulangete onyowa ndi olemera, inu! Anakoka. Anakokanso. Mabulangete anatsika, khuu, pamutu pa Adadi.

Malaya ositasita aja ananyoweratu. Adadi sanasamale. Anaponya mabulangete m'ndowa. Onse anathamangira m'nyumba.

Timizere tinali tinayi.

Kompyuta inayamba kulira. Kamfunso anadina batani. Galasi linada. Kenako linawala.

Amayi anali pomwepo.

Anali atavala yunifolomu yoyera. Tsitsi anali atameta lalifupi. Koma maso anali omwe aja. Mpata wa m'mano unali womwe uja.

"Amayi!" anakuwa Kamfunso. "Mukutiona?"

"Ndikukuonani! Iii, koma watalika! Nanga bambo ako anyowa ndi chani?"

"Ndi nkhani yaitali, mayi a Kamfunso," anatero Adadi. "Tidzakamba chaka chamawa."

Amayi anaseka. Kenako anayang'ana uku ndi uku.

"Nanga mwana wanga wamng'ono ali kuti?"

Kabatani anali kuseri kwa mwendo wa Adadi. Diso limodzi lokha ndi limene linkaoneka.

"Kabatani," anaitana Amayi mofatsa. "Bwera, mwana wanga."

"Ayi," anatero Kabatani.

"Ndi Amayi," anatero Kamfunso. "Taona, ndi Amayi."

"Ayi."

Amayi anagwedeza dzanja. Kabatani sanasunthe. Amayi anawomba m'manja. Kabatani sanasunthe. Amayi anamwetulirabe.

Kamfunso anaganiza zonse zimene anachita. Anakwecha beseni. Anafunsa dzuwa. Anachotsa mabulangete. Kodi zonsezi anachedwa nazo?

Kabatani anatuluka pang'ono. Anayang'ana mayi wa pagalasi uja. Kenako, osafulumira, analowetsa chala m'mphuno.

Amayi anaiwala zonyengerera. Anakweza nsidze imodzi.

"Iwe! Chotsa chala chimenecho!"

Chala chinatuluka msangamsanga. Kabatani anachibisa kumbuyo. Maso ake anakula. Nsidze imeneyo ankaidziwa. Mawu amenewo ankawadziwa.

Anayenda pang'ono. Anayendanso. Anafika pa tebulo.

"Mama?" anatero.

"Ndine, mwana wanga."

"Mama! Mama! Mama!"

Kabatani anazungulira kuseri kwa kompyuta. Anasuzumira. Anapezako nthambo ndi fumbi. Anabwerera kutsogolo. Amayi anali pomwepo, akuseka ndi misozi.

Adadi anapukuta kumaso ndi malaya onyowa aja.

"Ndi madzi a bulangete," anatero, ngakhale panalibe amene anawafunsa.

Kabatani anawaonetsa Amayi diresi lachikasu. Anawaonetsa bondo lokalika. Anawaonetsa mchombo. Chilichonse Amayi ankati, "Iii, chokongola!"

Kenako Kabatani anaima. Anakweza manja onse awiri ku galasi.

"Mama," anatero. "Nyamu." Awa anali mawu ake achinayi.

Amayi anayang'ana Adadi. Adadi anayang'ana kudenga.

Kamfunso anawerama. Anamunyamula mng'ono wake. Anamusendeza pafupi ndi galasi.

"Amayi, tambasulani manja," anatero.

Amayi anatambasula manja. Kabatani anagoneka tsaya lake pa galasi. Galasilo linali lofunda.

"Wanyamulidwa, mwana wanga," anatero Amayi. "Wanyamulidwa."

Amayi anayamba kung'ung'udza kanyimbo. Kabatani anayasamula. Maso ake anayamba kulemera. Anatseka limodzi. Anatseka linalo.

"Mutsitse, watopa nawe," ananong'ona Adadi.

"Ayi, Adadi. Amayi sanamalize kumunyamula."

Kabatani anali wolemera. Manja a Kamfunso anachita dzanzi. Koma anamugwirabe, mpaka Amayi anamaliza nyimbo yonse.